Funsani za Zakale: Nsanja ya netiweki ikamangidwa pa bwinja

Makalata a mwezi uno akhudza nkhani imodzi, ngakhale olemba ake sakudziwana: nsanja za netiweki zimene zikumera pamapiri ndi pazitunda, ndi zimene zimachitikira zinthu zakale zimene zili pansi pake. Ntchito yanga ndi yofukula zakale, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo masiku ano ndi kuyendera malo amene akufuna kumangapo makina okumba a katapila asanafike. Makalata ena ndawafupikitsa.

Phale losweka laimitsa lendi yanga

*Ndili ndi munda umene umakwera mpaka pachitunda. Kampani ina ya mafoni inapempha kamalo pamwamba pake kuti imangepo nsanja, ndipo tinagwirizana za lendi. Kenako kunabwera anthu ndi mafosholo ndi sefa n'kumakumba timaenje. Anapeza mapale ndi makala, ndipo tsopano ntchito yaima. Malowo ndi aang'ono kwambiri, ndipo mapale otere timawafukula chaka chilichonse polima. Kodi phale losweka n'lofunika chiyani mpaka kuimitsa chitukuko? — Mwini munda*

Bambo, mtima wanu uli pa lendi, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma tiyambe ndi kukula kwa malo, chifukwa apa m'pamene ambiri amanamizika, ngakhale mainjiniya amene. Chimene mwaona pa pepala la mgwirizano ndi mpanda, kabwalo ka mamita 15 kapena 30 mbali iliyonse. Zimene adzakumbe n'zoposa pamenepo. Nsanja ya miyendo itatu kapena inayi imafuna maziko akuya a konkire, chifukwa mphepo ikawomba chitsulo chachitali chotero imafuna kuchizula. Nsanja yomangirira ndi zingwe imafunanso maenje ena kutali ndi mpanda, mokwirira konkire yogwira zingwezo. Ndiye pali ngalande yozungulira nsanja imene amayalamo waya wamkuwa wotayira mphenzi pansi, ngalande ya magetsi, nthawi zina ya waya wa faiba wodutsa mauthenga, poika jenereta ndi thanki ya dizilo, ndi potembenukira malole. Pamwamba pa zonsezi pali msewu, ndipo msewu ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Mpanda wa mamita 30 mbali zonse ndi masikweya mita 900. Msewu wa mamita 4 m'lifupi wokwera chitunda mtunda wa kilomita imodzi wapala dothi la masikweya mita 4,000.

Kampani yasankha chitunda chanu chifukwa nsanja ikakhala pamwamba imafikira anthu ambiri, ndiponso mbale zozungulira zija zimene zimatumiza mauthenga kuchoka pa nsanja ina kupita pa inzake zimafuna kuonana popanda phiri kapena mtengo pakati. Vuto n'lakuti anthu akale nawonso ankakonda malo omwewo. Ali pamwamba ankaona adani akadali kutali, madzi osefukira sankawafika, ndipo m'madera ambiri a dziko lapansi ndi pamwamba pamene ankapembedzera ndi kuika akuluakulu awo. Ku Mapungubwe, kumpoto kwa South Africa, mafumu a m'zaka za m'ma 1200 ankakhala pamwamba pa phiri, ndipo chipembere chotchuka chagolide chinapezeka m'manda a paphiri pomwepo m'ma 1930. Ku Great Zimbabwe mbali yakale kwambiri ya mzindawo ili paphiri. Ku Maiden Castle, ku England, anthu anazinga phiri lonse ndi malinga a dothi ndi ngalande zakuya zaka zoposa 2,000 zapitazo. Injiniya wonyamula GPS ndi mfumu ya zaka 800 zapitazo atati ayende limodzi, angaloze malo amodzi.

Timaenje timene munaona timakumbidwa motsatira mzere, motalikirana mofanana, kuti pasakhale mbali yodumphidwa. Kadzenje kalikonse kamakhala pafupifupi theka la mita m'lifupi, ndipo timakumba mpaka tifike pa dothi limene munthu sanalikhudzepo. Dothi lonse limadutsa pa sefa ya timabowo ta mamilimita 6. Wogwira sefa amagwedeza, dothi n'kugwa, ndipo pamwamba pamatsala miyala, mizu, ndi zina zimene diso losazolowera lingataye: kachidutswa ka mlomo wa mphika kokhala ndi mizere yodinda, mano a ng'ombe, chibulumwa chakuda cholemera chokhala ndi timabowo chimene chinatsala posungunula chitsulo m'ng'anjo. Mnzake amene wagwada pa dzenje, maso ake amakhala pa khoma la dzenjelo. Pamenepo dothi limaoneka losanjikizana: pamwamba lofiirira lovundulidwa ndi khasu, pansi pake mzere wotuwa wa phulusa, pansi pakenso lakuda lonona la padzala, kenako lolimba lachilengedwe. Chimene chili pansi chinafika poyamba, cha pamwamba chinabwera pambuyo, ndipo ntchito yathu yonse yatsamira pa lamulo losavuta limeneli.

Phale lotoledwa pamtunda limanena zochepa. Mapale amene mumafukula polima ali choncho, khasu linawachotsa kale pamalo pake. Koma phale limene lagona mu mzere wa phulusa, pambali pa makala ndi fupa la ng'ombe, limatiuza kuti oumba miphika ya mtundu uwu ankawetanso ng'ombe, ndipo makalawo atha kutiuza kuti zinali liti. Njira yoyezera zaka pogwiritsa ntchito carbon-14, mtundu wa kaboni umene umapezeka m'chamoyo chilichonse, anaitulukira Willard Libby chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960. Chamoyo chikafa, carbon-14 wa m'thupi mwake amayamba kuchepa, theka lake n'kumatha pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo poyeza wotsalayo tingadziwe zaka za chinthu mpaka pafupifupi 50,000. Koma ku labu timatumiza makalawo. Zaka za makala zimakhala zaka za mphika pokhapokha ngati tinazipeza zili pamodzi m'dothi losasokonezedwa. Katapila akadutsa kamodzi, makala a zaka 1,000 amasakanikirana ndi a moto wa chaka chatha. Zinthuzo mutha kuzitola zonse pa mulu wa dothi osasowa n'chimodzi chomwe, koma zili ngati siginecha yodulidwa pa kalata, kalatayo n'kutayidwa: dzina mukuliona, koma chimene munthuyo anasainira simudzachidziwanso. Madzi akatayika saoleka. Mtengo wodulidwa mutha kudzala wina, koma bwinja likapalidwa palibe lina lofanana nalo, ndipo kwa mitundu yambiri ya anthu imene sinasiye zolemba, mbiri yawo yonse ili m'dothi limenelo.

Tsopano za lendi yanu. Kupezeka kwa mapale sikutanthauza kuti nsanja yalephereka. Pa malo ambiri amene ndayenderapo nkhani imathera pa kusuntha: mpanda usendezedwe mamita 30 kapena 50, msewu ukwerere mbali ina ya chitunda. Ofufuza malo a nsanja amapatsidwa dera lozunguliridwa pa mapu limene nsanja ingaime paliponse n'kugwirabe ntchito, choncho mpata wosuntha umakhalapo kawirikawiri. Ngati msewu sungakhote, utha kumangidwa pamwamba pa dothi osapala, poyala nsalu yolimba ya geotextile n'kuthirapo miyala. Njira yomaliza, yodulanso kwambiri, ndi kufukula mosamala malo a maziko okhawo, kujambula ndi kulemba zonse, kenako n'kumanga. Pemphani kampaniyo ikuonetseni lipoti la ofufuzawo ndi mapu ake, ndipo funsani ngati akambirana zosuntha. Chonde musakwere ndi khasu kukachotsa mapalewo poganiza kuti ntchito ifulumira. M'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu, ndipo ofufuza akadzabwerera n'kupeza pokumbidwa mwatsopano, m'pamene zinthu zidzachedwe zenizeni.

Anthu akufuna netiweki, ife tikudikira lipoti

*Ndine mayi, injiniya womanga nsanja. Malo ambiri amene timamangapo ndi minda yolimidwa zaka zambiri kapena m'mbali mwa msewu. Chinatsalapo n'chiyani? Anthu akufuna netiweki kuti aziimbira ambulansi, ife tili phee kudikira lipoti la mapale. Ndipo n'chifukwa chiyani ndalama za kafukufukuyu zimachoka kwa ife, osati ku boma? — Injiniya*

Mayi, khasu ndi pulawo zimatembenuza dothi la pamwamba lokha, masentimita 20 kapena 30. Pansi pake maenje osungira mbewu, maenje a zinyalala, mabowo a nsichi za nyumba ndi manda zimakhala zili chikhalire, ndipo maziko anu amapitirira pamenepo kutali. Mu 2012, ku Leicester ku England, mafupa a Mfumu Richard III, imene inaphedwa pa nkhondo mu 1485, anapezeka pansi pa malo oimika magalimoto pakati pa mzinda, pamalo amene anthu anamangapo ndi kugwetsapo nyumba kwa zaka mazana ambiri. Mafupa anali pafupifupi onse kupatula mapazi, amene akuganiza kuti anadulidwa ndi omanga a m'zaka za m'ma 1800. Omangawo akanasendeza dzenje lawo pang'ono, bwenzi zonse zitapita.

Pa mfundo ina ndili kumbali yanu. Si malo onse ofunika kukumba timaenje. Kuika mbale zatsopano pa nsanja imene ilipo kale sikukhudza dothi, ndipo n'chifukwa chake ku United States mgwirizano wa 2001 wa pakati pa boma ndi oyang'anira zakale unachotsa ntchito zambiri zotere pa mndandanda wa zofunika kuunikidwa. Pamalo pamene anakumba kale mozama kuposa pamene maziko anu adzafike, monga pamene ankaswapo miyala, palibe chosaka. Wofufuza wabwino amayamba ndi mapu akale, zithunzi za m'mlengalenga ndi kaundula wa malo odziwika kale, ndipo akaona kuti palibe chifukwa chopitira ndi fosholo amanena choncho. Amene amakumba paliponse kuti ndalama ichuluke akuipitsa dzina la ntchito yathu.

Kuchedwa kumene mukudandaula nako kawirikawiri kumabwera chifukwa choitana ofufuza mochedwa. Kuyendera malo a nsanja imodzi ndi msewu wake ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri kwa anthu ochepa. Ikachitika pamene mukusankha pakati pa malo atatu, simutaya kanthu, mungosiya malo ovutawo. Ikachitika mutasaina kale lendi, mapulani atajambulidwa, katapila ali pa lole, ndiye kusuntha kulikonse kumakhala ndalama.

Onani mmene ena anakonzera. Ku United States, gawo 106 la lamulo la 1966 loteteza malo a mbiri yakale limalamula nthambi za boma kuganizira malo oterowo zisanavomereze ntchito, ndipo popeza makampani a mafoni amayendera ziphaso za FCC, nthambi ya boma yoyang'anira za mafoni ndi wailesi, nsanja zawo zimalowa mmenemo. Mgwirizano wa 2004 wa pakati pa FCC ndi oyang'anira zakale, umene unayamba kugwira ntchito mu 2005, unaika ndondomeko yake. Womanga nsanja yatsopano amadzaza fomu 620, woika zida pa nsanja kapena nyumba imene ilipo kale amadzaza fomu 621, ndipo ofesi ya boma yoona za malo akale m'chigawocho ili ndi masiku 30 oti iyankhe. Masiku 30 amenewa amathandiza anthu ngati inu, chifukwa kampani imadziwiratu nthawi yodikira n'kuiika mu pulogalamu ya ntchito. Ku South Africa, gawo 38 la lamulo nambala 25 la 1999 limati womanga msewu, chingwe cha magetsi kapena paipi yotalika kuposa mamita 300, kapena wosintha malo oposa masikweya mita 5,000, adziwitse oyang'anira zakale asanayambe. Mpanda wa nsanja sufika 5,000, koma msewu wake umadutsa 300 mosavuta.

Za wolipira, mfundo imene mayiko ambiri atsatira ndi yakuti amene akupindula ndi kukumbako ndiye alipire. Ku England inakhazikika mu 1990. Chaka cham'mbuyo chake, pamalo pamene ankafuna kumanga maofesi ku London panapezeka maziko a Rose, nyumba ya zisudzo ya mu 1587, ndipo panabuka mkangano waukulu chifukwa chilolezo chomangira chinali chitaperekedwa kale. Pangano la mayiko a ku Ulaya la ku Valletta la 1992 linatsata njira yomweyo. Ndipo ngati kampani yanu imabwereka ndalama ku IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama makampani, muyezo wawo wa nambala 8 umafuna kuti malo achikhalidwe asamalidwe ngakhale lamulo la dziko litakhala lofooka. Ine ndimaona kuti n'chilungamo. Bwinjalo lakhala bwinobwino zaka mazana ambiri osadyera aliyense ndalama, ndipo ndalama zayamba kufunika tsiku limene inu mwasankha kukumbapo.

Kodi mafunde a netiweki amafufuta zojambula?

*Pafupi ndi sukulu yathu pali phanga la zojambula zakale, ndipo amanga nsanja pamwamba pa thanthwe lomwelo. Ana akuti mafunde a netiweki afufuta utotowo. N'zoona? — Mphunzitsi*

Aphunzitsi, ayi. Mafunde a wailesi ochokera pa nsanja alibe mphamvu yosintha utoto wa pa thanthwe. Auzeni anawo zimenezo, koma musawauze kuti phangalo lili pabwino. Zoliwononga ndi fumbi la msewu limene limamatira pa mwala, kugwedezeka ngati anaphulitsa kapena kuboola thanthwe poika maziko, utsi wa jenereta, ndi madzi. Madzi ndi amene muyenera kuwalondalonda. Konkire ndi msewu zimasintha njira ya madzi a mvula, ndipo akayamba kutsikira pankhope ya thanthwe pamene kale sankadutsa, amasiya mchere woyera umene umakuta zojambula kapena kusupula khungu la mwala. Chinanso ndi anthu. Msewu umafikitsa aliyense pamalo pamene kale ankafikapo ochepa, ndipo pamabwera olemba mayina awo ndi makala, osonkha moto m'phanga, ndi othira madzi pa zojambula kuti zituluke bwino pa chithunzi.

Malo ngati Tsodilo ku Botswana, kumene kuli zojambula zoposa 4,500, kapena Chongoni ku Malawi, kumene kuli malo 127, ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi ndipo ali ndi owayang'anira. Phanga lanulo woliyang'anira ndi inu. Jambulani zithunzi tsopano mutaika lula pambali, osakhudzitsa pa utoto, ndipo muzijambulanso mutaima pamalo omwewo chaka chilichonse mvula ikatha. Mukaona mzere watsopano wa madzi, tengani zithunzizo kwa oyang'anira zakale a boma ndi kwa eni nsanja. Kukonza kangalande kopatutsa madzi ndi ntchito yaing'ono.

Tinakwirira mafupa, sindikugona

*Ndimayendetsa makina okumba. Tikukumba ngalande ya magetsi opita ku nsanja, chifosholo cha makina chinatulutsa mafupa ndi chigaza. Kapitawo anati tikwirire msanga ndipo tisauze munthu, chifukwa ntchito ikaima sitilipidwa. Ndinamvera, koma sindikugona. Nditani? — Woyendetsa makina*

Achimwene, nkhaniyi itha kukonzedwabe. Musabwerere kukafukula nokha. Lembani lero, musanaiwale, tsiku limene zinachitika, malo ake poyeza kuchokera pa chinthu chosasuntha monga ngodya ya mpanda, kuya kwake, ndi zimene munaona pambali pa mafupawo. Kenako kaneneni kupolisi. Apolisi ndiwo oyamba nthawi zonse, chifukwa palibe amene angadziwe ali pa mpando wa makina ngati mafupawo ndi a zaka 500 kapena a munthu amene abale ake akumusakabe. Akatsimikiza kuti si nkhani ya posachedwa, imapita kwa oyang'anira zakale, ndipo iwo amafunsa anthu a m'deralo ngati akudziwa mwini manda.

Kapitawo wanu anakuikani pangozi, chifukwa dzanja limene linali pa makina ndi lanu. Ku South Africa manda opitirira zaka 60 amene ali kunja kwa manda ovomerezeka sakhudzidwa popanda chilolezo. Ku United States lamulo la 1990 loteteza manda lotchedwa NAGPRA limalamula kuti ntchito iime mafupa a eni nthaka, anthu amene anali kumeneko azungu asanafike, akapezeka pa malo a boma kapena a mafuko awo. Mayiko ena ambiri ali ndi malamulo ofanana. Mantha ake akuti ntchito yonse iima nawonso ndi okokomeza. Kampani yolongosoka imakhala ndi ndondomeko yolembedwa ya zopezeka mwadzidzidzi: aime pamalo pokhapo ndi mamita angapo kuzungulira, atchinge, aphimbe, pasapezeke wojambula n'kuika pa Facebook, ndipo ntchito ipitirire kwina. Ngati mukuopa kuchotsedwa ntchito, pitani kwa woona za chilengedwe pa ntchitoyo kapena kwa eni nsanja amene anapereka kontalakiti, chifukwa dzina limene lidzaipe ndi lawo.

Musachedwe, chifukwa manda sakhala amodzi kawirikawiri, ndipo ngati ngalandeyo ikupitirira mwina kutsogolo kuli ena. Inu oyendetsa makina mumaona zinthu zimenezi ife tisanazione. Ndinagwirapo ntchito ndi woyendetsa wina amene ankapala dothi pang'onopang'ono ndi chifosholo chopanda mano, ine ndikuyenda pambali pake. Anaimitsa makina n'kuloza pansi. Pa dothi lofiira panali banga lalikulu lotuwa, lotalika ngati mita imodzi ndi theka, malire ake akuoneka bwinobwino, ndipo iye anati anamva chifosholocho chikulowa mofewa pamenepo. Dzenje lililonse lokumbidwa n'kukwiriridwa limasiya chizindikiro chotero ngakhale patapita zaka 1,000, chifukwa dothi lobwezeredwa silibwerera mtundu ndi kulimba kwake. Anali manda. Ngalande inakhotetsedwa mamita ochepa, ndipo mwini wake sanasunthidwe. Mukaona banga lotero, kapena miyala younjikidwa pamene sipayenera kukhala miyala, kwezani chifosholo.

Lipoti likuti palibe kanthu, koma ife sanatifunse

*Ndine wachikulire, ndipo ndimasunga mwambo wa phiri limene makolo athu ankapemphererapo. Ofufuza anabwera, anakumba timaenje tawo, ndipo lipoti lawo likuti palibe chinthu chakale. N'zoona kuti palibe chokwiririka, chifukwa sitimangapo kanthu ndipo sitisiyapo kanthu. Koma ife sanatifunse. Kodi malo opanda mapale alibe chitetezo? — Wosunga mwambo*

Agogo, lipoti limenelo n'losakwanira, ndipo ndikunena izi monga mmodzi wa olemba malipoti otere. Sefa imagwira zimene anthu anataya. Malo amene anthu ankawalemekeza mpaka osatayapo kanthu amadutsa pa sefa osasiya chizindikiro, ndipo njira yokhayo yowadziwira ndi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Malamulo ambiri masiku ano amavomereza zimenezi. Ku United States, kuyambira 1990, malo amene ndi ofunika chifukwa cha mwambo wa anthu amoyo ali ndi malangizo akeake owalembetsera mu kaundula wa dziko, ngakhale pasakhale chomanga chilichonse. FCC ili ndi njira ya pa intaneti yotchedwa TCNS, mmene womanga amalembamo malo a nsanja, uthenga n'kupita kwa mafuko a eni nthaka amene ananena kuti deralo limawakhudza, ngakhale mafuko amene lero akukhala kutali chifukwa anasamutsidwa mokakamiza m'zaka za m'ma 1800. Mgwirizano wa 2004 uja umayang'ananso maonekedwe a nsanja. Ya mamita pafupifupi 61 kapena kucheperapo, amaunika malo akale amene ali mkati mwa mamita 800 kuzungulira. Yofika mamita 122, amaunika kilomita 1.2, ndipo yotalika kuposa pamenepo, makilomita 2.4. Kuona kokha n'kokwanira kuwononga malo. UNESCO inachotsa chigwa cha Elbe ku Dresden, ku Germany, pa mndandanda wake mu 2009 chifukwa cha mlatho umene unasintha maonekedwe a chigwacho. Pa phiri ngati lanu, ganizirani nyali yofiira yophethira usiku wonse, phokoso la jenereta, mlonda, ndi geti lokhoma panjira imene makolo anu ankadutsa.

Chilolezo cha boma pachokha sichitseka nkhani. Mu Meyi 2020, ku Juukan Gorge ku Australia, kampani ya migodi ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga amene anthu anayamba kukhalamo zaka 46,000 zapitazo. Chilolezo inali nacho. Koma eni ake, a Puutu Kunti Kurrama ndi Pinikura, atadandaula, dziko lonse linamva, nyumba ya malamulo inafufuza, ndipo mkulu wa kampaniyo anatula pansi udindo. Makampani akuluakulu amaikumbukira nkhani imeneyi, ndipo ambiri amamvera mukafika musanachedwe.

Ndikudziwa chimene chimagwira akuluakulu ambiri pakamwa: zina za paphiri si zouza mlendo. Simukakamizidwa kuulula. Mutha kuzunguliza dera lalikulu pa mapu n'kunena kuti mkati umu musamangemo, osaloza mwala weniweni kapena kufotokoza zimene zimachitikapo, ndipo mutha kupempha kuti zimene mwanenazo zisalowe mu lipoti limene aliyense angawerenge. Ku United States gawo 304 la lamulo la 1966 lija limalola boma kusunga chinsinsi cha malo otero.

Lembani kalata yokhala ndi deti, isainidwe ndi akuluakulu anzanu, imodzi ipite kwa oyang'anira zakale a boma, ina ku ofesi imene ikupereka chilolezo chomangira, ina kwa eni nsanja, ina musunge. Nenani kuti simunafunsidwe, ndipo pemphani msonkhano pamalo pomwepo. Pa msonkhanowo yambani ndi kupempha kuti nsanja ipite pa chitunda china, kapena mbale zawo ziikidwe pa nsanja ya kampani ina imene ilipo kale. Akakana n'kupereka zifukwa zomveka, pemphani kuti itsike m'munsi mwa nsonga ya phiri, kumbali imene simuyang'anako popemphera, msewu upewe njira yanu, muzilowa popanda kupempha kwa mlonda, ndipo jenereta izizimitsidwa pa masiku a mwambo, nsanja n'kumayendera mabatire. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa konkire isanathiridwe.